Boma likabwereka munda kuti libzalemo udzu: nkhani ya ku Cimarron

Pamsonkhano wina wa kalabu ya alimi komwe ndidaitanidwa kukalankhula za kukokoloka kwa nthaka, bambo ena achikulire adakweza dzanja n'kufunsa funso lomwe lidaseketsa anthu. Adati: "Alangizi, tidamva kuti ku America boma limalipira alimi kuti asalime. Kodi n'zoona? Ngati n'zoona, ife tikalembetse kuti?"

Anthu adaseka, inenso ndidaseka, koma funsolo silidali lachibwana. Ndidawayankha mwachidule kuti n'zoona ndithu, koma nthawi idatithera ndisadafotokoze bwino. Choncho lero ndati ndiyankhe mofatsa pa tsamba lino, poti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Ndalamazi zilipodi, koma si malipiro a ulesi ayi. Ndi lendi yomwe boma limapereka pobwereka munda kwa mwini wake kwa zaka 10 kapena 15, kuti m'mundamo mukhale udzu m'malo mwa mbewu. Tsono monga lendi ina iliyonse, mwini munda amailandira mokondwa pokhapokha ikamaposa phindu lomwe angapeze atalima yekha. Tsiku lomwe mtengo wa mbewu udzapose lendiyo, khasu limabwerera m'munda. Kuti timvetse bwino zimenezi, tisazungulire dziko lonse la America. Titenge dera limodzi lokha, komwe nkhaniyi idayambira.

Cimarron ndi kuti?

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo zigawozo zidagawidwa m'madera ang'onoang'ono omwe ambiri amatchedwa kaunti, ofanana ndi maboma athu kuno. Kaunti ya Cimarron ili kumapeto kwenikweni kwa chigawo cha Oklahoma chakumadzulo, ndipo imachita malire ndi zigawo zinayi: Colorado, Kansas, Texas ndi New Mexico. Likulu lake ndi tauni yaing'ono ya Boise City.

Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 4,770, kutanthauza kuti ikufanana ndi boma la Chikwawa. Koma pomwe ku Chikwawa kuli anthu oposa 500,000, kalembera wa mu 2020 adapeza anthu 2,296 okha ku Cimarron. Mlimi mmodzi kumeneko amatha kukhala ndi maekala masauzande angapo. Amalima tirigu ndi mapira podalira mvula, chimanga pomwe pali madzi othirira, komanso amaweta ng'ombe zambiri.

Mvula imagwa yochepa, pafupifupi mamilimita 450 pa chaka, pafupifupi theka la yomwe imagwa ku Lilongwe. Mbali yaikulu ya kauntiyi ndi malo athyathyathya opanda mitengo, ndipo mphepo imaomba mwamphamvu miyezi yambiri. Kuno kwathu chomwe chimaba nthaka kwambiri ndi madzi. Kumeneko mbala yaikulu ndi mphepo. Ikafika liwiro la makilomita 20 pa ola pafupi ndi nthaka youma komanso yopanda chophimba, timchenga timayamba kudumphadumpha, ndipo kalikonse kakagwa kamagumula tinzake. Dothi losalala kwambiri, lomwe ndilo limasunga chonde, limauluka n'kupita kutali, m'munda n'kutsala mchenga. Kalekale chomwe chinkaletsa zimenezi ndi udzu waufupi wachilengedwe, wa mizu yolukana ngati mphasa, womwe njati zinkadya.

Momwe udzu udathera

Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse mtengo wa tirigu udakwera mpaka kupitirira $2 pa muyeso wawo wotchedwa bushel, womwe ndi makilogalamu 27. M'zaka za m'ma 1920 mathirakitala adachuluka, mvula inkagwa bwino, ndipo alimi adagalauza udzu uja pa maekala mamiliyoni ambiri m'chigwa chonsecho. Mu 1931 adakolola tirigu wochuluka zedi, koma mtengo udagwa mpaka masenti 25 pa bushel m'misika ya kumeneko. Kenaka kudabwera chilala chomwe chidatenga zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu. Tirigu sadamere, udzu udali utapita, nthaka idatsala pamtunda.

Lamulungu pa 14 Epulo 1935 chimtambo chakuda cha fumbi chidakuta Boise City ndi madera oyandikana nawo madzulo dzuwa lisadalowe, mpaka munthu osaona dzanja lake. M'nkhani ya mtolankhani wa Associated Press, Robert Geiger, yemwe adali m'derali, ndimo mudayamba kuoneka dzina loti Dust Bowl, kutanthauza mbale ya fumbi. Ana ndi okalamba ankadwala chibayo kamba kopuma fumbi, ng'ombe zinkafa, mipanda inkakwiririka ndi mchenga. Anthu a ku Cimarron adatsika kuchoka pa 5,408 mu 1930 kufika pa 3,654 mu 1940. Apa ndiye kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse adasamuka.

Fumbi la m'chigwachi linkafika mpaka ku likulu la dziko ku Washington. Katswiri wa za nthaka Hugh Bennett adagwiritsa ntchito mwayi umenewu pokopa aphungu a nyumba ya malamulo, ndipo pa 27 Epulo 1935 lamulo lokhazikitsa nthambi yosamalira nthaka ya Soil Conservation Service lidasainidwa. Mu 1936 lamulo lina lidalola boma kulipira alimi omwe achepetsa mbewu zoguga nthaka n'kubzala udzu ndi mbewu zobwezeretsa chonde. Minda ina yoonongekeratu boma lidachita kuigula n'kubzalamo udzu. Malo a msipu a boma a Rita Blanca, omwe mbali yake ili mu Cimarron, adachokera pamenepo.

Nanga n'chifukwa chiyani boma lidasankha kulipira? Chifukwa fumbi silidziwa malire. Mlimi akasamala munda wake koma mnzake wa kumtunda kwa mphepo osasamala, mchenga wa mnzakeyo umakwirira mbewu zake. Komanso wobzala udzu amataya zokolola lero, pomwe phindu lake limafikira anthu ena, mwinanso akutali, zaka zam'tsogolo. Boma lidaona kuti ngati phindu ndi la onse, mtolo wake usasenzedwe ndi mlimi yekha.

Phunziro loyamba lidatayika

Chilala chitabweranso m'zaka za m'ma 1950, boma lidayambitsa ndondomeko ya Soil Bank mu 1956, yolipira alimi kuti agoneke minda kwa zaka zingapo. Pofika 1960 maekala oposa 28 miliyoni adali atagonekedwa m'dziko lonse. Koma migwirizano ija itatha, dziko la Soviet Union lidagula tirigu wambiri wa ku America mu 1972, mitengo idakwera, ndipo nduna ya za malimidwe ya nthawiyo, Earl Butz, idalimbikitsa alimi kuti alime paliponse mpaka m'mbali mwa mipanda. Udzu wambiri womwe udabzalidwa ndi ndalama za msonkho udagalauzidwanso.

Pofika zaka za m'ma 1980 mbewu zidachuluka kuposa msika, mitengo idatsika, alimi ambiri adalandidwa minda kamba ka ngongole, ndipo nthaka inkapitabe. Apa ndi pomwe padabadwira ndondomeko yomwe bambo aja adamva mbiri yake. Dzina lake ndi Conservation Reserve Program, mwachidule CRP. Idakhazikitsidwa ndi lamulo la zaulimi lomwe Pulezidenti Ronald Reagan adasaina pa 23 Disembala 1985, ndipo alimi adayamba kulembetsa mu 1986. Tisabise, zolinga zake zidali ziwiri: kuteteza nthaka, komanso kuchepetsa mbewu pamsika kuti mitengo ikwere.

Momwe mlimi amalowera

Mlimi wa ku Cimarron akafuna kulowa amapita ku ofesi ya Farm Service Agency, nthambi ya unduna wa za malimidwe yomwe imayendetsa malipiro. Za luso, monga mtundu wa udzu ndi kabzalidwe kake, amalangiza ndi a nthambi ya nthaka ija, yomwe kuyambira mu 1994 imatchedwa Natural Resources Conservation Service.

Choyamba, si munda uliwonse womwe ungalowe. Uyenera kukhala woti udalimidwa zaka zinayi mwa zaka zisanu ndi chimodzi zomwe lamulo latchula, kuopa kuti wina angalembetse tchire lomwe sadalimepo n'kale lomwe. Uyeneranso kukhala wosachedwa kukokoloka, kapena wopezeka m'dera lomwe boma laika patsogolo pa zachilengedwe. Wolembetsayo akhale mwini munda kapena wolimapo kwa miyezi yosachepera 12.

Chachiwiri ndi mpikisano. Inu alimi a fodya mukudziwa kuti ku okushoni ogula ndiwo amapikisana pokweza mtengo. Kuno zili mozondoka. Wogula ndi mmodzi, boma, ndipo alimi ndiwo amapikisana potsitsa mtengo. Boma limaika malire a lendi pa nthaka ya mtundu uliwonse, potengera lendi yomwe alimi a m'kauntiyo amalipirana okhaokha pa minda yodalira mvula. Mlimi amatchula mtengo wake wosapitirira malirewo. Kenaka munda wake umapatsidwa mapointi poyang'ana kuchuluka kwa nthaka yomwe ipulumuke, ubwino wa madzi ndi mpweya, malo okhala mbalame ndi nyama zakutchire, kukhalitsa kwa zomwe abzale, komanso kutsika kwa mtengo womwe watchula. Minda ya m'dziko lonse imaikidwa pamndandanda umodzi, ndipo ya mapointi ambiri ndiyo imatengedwa. Kachitidwe ka mapointi kameneka kadayamba pambuyo pa lamulo la mu 1990. Kuyambira mu 1996 timalo ting'onoting'ono tofunika kwambiri, monga m'mbali mwa mitsinje, timalembetsedwa nthawi iliyonse popanda mpikisano.

Chachitatu ndi mgwirizano. Mlimi akapambana amasaina kuti kwa zaka 10 mpaka 15 salimamo mbewu. Amabzala udzu womwe agwirizana, ndipo boma limamubwezera mpaka theka la ndalama zomwe waononga pobzala. Lendi imabwera kamodzi pa chaka, m'mwezi wa Okutobala, ndipo munthu mmodzi saloledwa kulandira yoposa $50,000 pa chaka. Munda umakhalabe wake, ndipo ntchito siitha. Ayenera kulimbana ndi zomera zosafunika, kubwezera pomwe udzu sudamere, ndi kuutsitsimula pakati pa mgwirizano. Kudyetsamo ziweto kapena kumweta udzu kuli ndi malamulo ake, makamaka pa nyengo yomwe mbalame zikuikira mazira, ngakhale kuti pa chilala choopsa boma limatsegula mindayi kuti ng'ombe zipulumuke. Wothetsa mgwirizano nthawi isadakwane amabweza zonse zomwe adalandira, kuphatikizapo chiongoladzanja ndi chindapusa.

Pali lamulo linanso lofunika kwambiri kwa kaunti ngati Cimarron. Minda yolowa m'ndondomekoyi siyenera kupitirira magawo 25 pa 100 aliwonse a minda yonse yolimidwa m'kaunti imodzi, pokhapokha patakhala chilolezo chapadera. Lamuloli lidaikidwa pokumbukira nthawi ya Soil Bank, pomwe m'madera ena minda yambiri idagona nthawi imodzi ndipo malonda a m'matauni ang'onoang'ono adalowa pansi.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, kuti tione momwe mlimi amaganizira. Tinene kuti ali ndi munda wa maekala 640, womwe ndi muyeso wodziwika wa minda kumeneko, ndipo boma lavomera kumupatsa $30 pa ekala. Pa chaka alandira $19,200, mvula igwe kapena isagwe.

Tsono akalima tirigu? Tinene kuti chaka chabwino ekala imodzi imatulutsa matumba 14 a makilogalamu 50, ndipo thumba likugulidwa $9. Apeza $126. Akachotsa $100 ya mbewu, mafuta, feteleza ndi kukolola, atsala ndi $26. Koma kumalo ouma chonchi alimi ambiri amakolola tirigu kamodzi pa zaka ziwiri m'munda umodzi, chaka chinacho amaugoneka kuti usunge chinyezi. Ndiye kuti phindu lake ndi $13 pa chaka, osawerengera zaka zomwe chilala chimapsereza zonse. Apa lendi ya $30 yapambana kutalitali, ndipo mlimi wanzeru asaina.

Tsopano mtengo uwirikize kawiri, thumba lifike $18. Matumba 14 apereka $252. Ngakhale zolowa zikwere kufika $130, atsala ndi $122, yomwe ndi $61 pa chaka. Lendi ya $30 ija yasanduka yochepa. Mgwirizano ukangotha, mlimi yemwe uja, ndi nzeru zomwe zija, akoka thirakitala.

Izi si nthano. Mtengo wa tirigu womwe alimi a ku America ankalandira udali $3.42 pa bushel m'nyengo ya 2005/06, koma udafika $7.77 m'nyengo ya 2012/13. Minda ya CRP idafika pachimake mu 2007, pomwe idali maekala 36.8 miliyoni, malo aakulu kuposa dziko lonse la Malawi kuphatikizapo nyanja. Pofika 2021 idali itatsika kufika pafupifupi maekala 21 miliyoni. Nawo aphungu adatsitsa malire a dziko lonse kufika maekala 32 miliyoni m'lamulo la 2008 ndi 24 miliyoni m'lamulo la 2014, asadawakwezenso kufika 27 miliyoni m'lamulo la 2018. Ndipo mu Meyi 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakweza mtengo wa tirigu, unduna udalola alimi omwe adali m'chaka chomaliza cha mgwirizano kutuluka msanga popanda chindapusa kuti akonzekere kubzala. Mbiri ya 1972 idadzibwereza.

Zomwe ndalamazi zagula

Tisatengeke n'kunena kuti ndalamazi zidangotayika. Kauniuni wa boma adaonetsa kuti nthaka yokokoloka m'minda ya ku America idatsika kuchoka pa matani oposa 3 biliyoni pa chaka mu 1982 kufika pa matani 1.7 biliyoni mu 2007. Si CRP yokha idachita izi. Ulimi wosagalauza nthaka udafala m'zaka zomwezo, komanso lamulo lomwe lija la 1985 lidati mlimi wolima malo osachedwa kukokoloka popanda dongosolo loteteza nthaka asalandire thandizo lina la boma. Koma kuchotsa khasu pa minda yofooka kwambiri kudathandiza zedi, poti minda yotereyi ndiyo imataya nthaka yambiri pa ekala.

Mayeso enieni adabwera mu 2011, pomwe chilala choopsa chidakantha Oklahoma ndi Texas. Ku Cimarron tirigu adapsa ndipo fumbi lidauluka masiku ena, koma sizidafike pa zomwe zidachitika mu 1935. Minda ya udzu idagwira nthaka yake, idatchinga mchenga wochokera m'minda yoyandikana nayo, ndipo itatsegulidwa idakhala nkhokwe ya chakudya cha ng'ombe. Kwa mabanja ambiri, cheke cha mu Okutobala ndicho chinkalipira ngongole ndi msonkho wa malo m'chaka chopanda zokolola. Mbalame za m'udzu nazo zidapeza pobisala.

Walira mvula walira matope

Mavuto alipo, ndipo eni ake amawakamba poyera. Loyamba ndi loti lendi imapita kwa mwini munda. M'zaka zoyambirira, lendi ya boma m'madera ouma ngati amenewa inkaposa yomwe alimi ankalipirana okhaokha. Eni minda ena okalamba adalembetsa minda yawo yonse n'kupuma pa ulimi, ena n'kusamukira m'tauni. Wobwereka munda ndi mnyamata wongoyamba ulimi adapezeka akupikisana ndi boma pofuna malo. Malamulo amati wobwereka munda alandireko gawo lake, koma madandaulo sadathe. N'chifukwa chake lamulo la 2008 lidalonjeza lendi ya zaka ziwiri zoonjezera kwa mwini munda yemwe, mgwirizano ukatha, apereka mundawo kwa mlimi wongoyamba kumene. Lamulo la 2018 lidatsitsa lendi ya mu mpikisano kuti isapitirire magawo 85 pa 100 a lendi ya m'kaunti. Koma taonani msampha wake: lendi ikatsika, eni minda safuna kulowa, ikakwera, alimi achinyamata amasowa malo.

Lachiwiri ndi la malonda. Munda wa udzu sugula feteleza, mbewu, mafuta kapena zitsulo za thirakitala, ndipo supereka ganyu. Ogulitsa zipangizo m'matauni ang'onoang'ono adadandaula kuti CRP ikupha matauni awo. Kafukufuku wa nthambi ya zachuma ya undunawu, Economic Research Service, yemwe adatuluka mu 2004, adapeza kuti m'makaunti omwe minda yambiri idalowa ntchito zidachepadi m'zaka zoyambirira, koma vutolo silidapitirire, ndipo sadapeze umboni woti ndondomekoyi ndiyo idasamutsa anthu. Ku Cimarron anthu adayamba kuchepa kale CRP isadabwere, kamba koti makina akuluakulu amalola banja limodzi kulima malo omwe kale ankalima mabanja khumi.

Lachitatu ndi la mtundu wa udzu. Pothamangira kuphimba nthaka, minda yambiri ya ku Oklahoma ndi Texas idabzalidwa udzu wochokera kunja wotchedwa Old World bluestem, womwe umamera msanga. Nthaka udaigwira, koma mbalame sizipezamo chakudya chokwanira, ndipo umafalikira n'kupha udzu wachilengedwe. Lero mapointi ambiri amapita kwa wobzala udzu wachilengedwe wosakaniza mitundu. Udzu wouma wa zaka zambiri umakhalanso nkhuni za moto wolusa.

Chomwe ndimayamikira n'choti malipirowa sabisika. Bungwe loyima palokha la Environmental Working Group limatenga mabuku a boma pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wodziwa zinthu, n'kufalitsa ndalama zomwe kaunti iliyonse yalandira kuyambira mu 1995, pamodzi ndi maina a olandira. Wokhoma msonkho amatha kuona komwe ndalama yake yapita, ndipo mikangano yomwe ndatchulayi imakhala ndi manambala poyambira.

Kulipira munda womwe ukugwira ntchito

Poona kuti kugoneka munda kuli ndi malire, boma la America lidatsegula njira zina. Mu 1996 lidayambitsa Environmental Quality Incentives Program, yomwe imathandiza mlimi kulipira gawo la ntchito yoteteza nthaka ndi madzi pamunda womwe akulimabe: mipanda yogawa msipu kuti ng'ombe zizidya mosinthasintha, mapaipi a madzi a ziweto, zipangizo zothirira zosaononga madzi, ndi mbewu zophimba nthaka. Mu 2008 padabwera Conservation Stewardship Program, yolipira mlimi chaka ndi chaka kwa zaka zisanu kamba kosunga ndi kuonjezera njira zabwino pafamu yonse. Lamulo la 2014 lidatsegulanso nthambi ya CRP ya malo a msipu, momwe mlimi amalandira lendi yochepa koma amapitiriza kudyetsa ng'ombe, bola asagalauze udzuwo. Nthambi imeneyi ndiyo idakweza kwambiri chiwerengero cha maekala pambuyo pa 2021.

Nzeru yake ndi yosavuta. Udzu womwe ukunenepetsa ng'ombe uli ndi mtetezi, yemwe ndi mwini wake. Udzu womwe ukungodikira cheke umatetezedwa ndi chekecho basi.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Fumbi la ku Cimarron lidafika kuno m'njira ina. Akuluakulu a zaulimi m'maiko omwe ankalamulidwa ndi Britain adachita mantha ndi zomwe zidachitika ku America, ndipo adayamba kulimbikira zoteteza nthaka. Kuno ku Nyasaland lamulo la zachilengedwe la 1946 lidatsegula njira ya zomwe makolo athu ankazitcha malimidwe. Wosapanga mizere yopingasa ndi milambala ankalipitsidwa chindapusa, kuzuliridwa mbewu, ngakhale kutsekeredwa m'ndende. Matenda adali amodzi, koma mlimi wa ku Oklahoma adapatsidwa cheke pomwe wa kuno adapatsidwa chisamani. Anthu adadana ndi malimidwe kotero kuti nkhaniyi idasonkhezera moto wa ndale zomenyera ufulu. Chikakamizo chitatha, milambala yambiri idasiyidwa.

Onani tsono kuti njira ziwirizi, ngakhale ina ndi yachifundo ina yankhanza, zidakumana pamalo amodzi. Chindapusa chitachoka, milambala idagumuka. Lendi itachepa, udzu udagalauzidwa. Chomwe mlimi akuchita kamba ka mphamvu yochokera kunja chimatha mphamvuyo ikatha.

Vuto la nthaka tili nalo. Kafukufuku yemwe boma lathu lidachita mogwirizana ndi bungwe la FAO adapeza kuti mu 2014 hekitala iliyonse inkataya pafupifupi matani 29 a nthaka pa chaka. Koma njira ya CRP singakopedwe momwe ilili. Mlimi wa ku Cimarron akagoneka maekala 640 amatsala ndi ena ambiri, ndipo chakudya amagula m'sitolo. Banja la ekala imodzi ndi theka likagoneka munda lidya chiyani? Zomwe zingatiyenere ndi za mtundu wachiwiri uja, zothandiza mlimi pamunda womwe akulimabe, komanso kulipira timalo tochepa tofunikira kwa onse, monga m'mbali mwa mitsinje ndi m'mapiri motsetsereka kwambiri.

Kwa bambo aja yankho langa ndi ili: kolembetsa kuti mulipidwe posalima kulibe kuno. Koma kukabwera aliyense m'mudzi mwanu, kaya a boma kaya a bungwe, ndi ndalama zoti muteteze nthaka kapena mitengo, musakane, koma mufunse mafunso atatu musadadinde chala. Ndalamayi alandira ndani, mwini malo kapena wolimapo? Ibwera kwa zaka zingati, mwezi uti, ndipo ndikalephera mbali yanga chichitike n'chiyani? Nanga ikadzasiya kubwera, chomwe ndabzalachi chidzandipatsa chiyani pachokha?

Funso lachitatuli ndilo lalikulu. Ngati yankho lake ndi udzu wofolerera nyumba kuchokera pa mzere wa vetiva, chakudya cha mbuzi, nkhuni, kapena matumba oonjezera a chimanga kamba ka chinyezi chomwe mapesi ophimbira asunga, ntchitoyo idzakhalapo ngakhale olipira atapita. Ngati yankho ndi loti palibe, dziwani kuti mwangobwereketsa munda, ndipo muwerengere lendiyo monga momwe tawerengera pamwambapa musadavomere.